Ngongole inangogona, ine n'kulengeza maliro

M'nyumba mwathu muno ku Indiana muli anthu awiri amene anaphunzira unamwino ndi ngongole ya boma la America. Woyamba ndi mayi akunyumba, ndipo ngongole yawo yatsala pang'ono kutha. Wachiwiri ndine, katswiri wa zachuma pabanja pano, mwini ngongole imene ili pomwe inali mu 2020, kungoti yanenepako.

Mliri wa Covid-19 utafika mu Malichi 2020, boma linati onse amene ali ndi ngongole yake ya sukulu apume kaye kubweza, ndipo chiwongoladzanja linachitsitsa kufika pa ziro. Poyamba anati mpumulowo utha mu Seputembala chaka chomwecho. Kenako a Trump anawonjezera, a Biden atalowa anawonjezeranso kangapo, mpaka zinakwana zaka zitatu ndi theka. Akalengeza tsiku loyambiranso kulipira, ine ndinkangoti, “Asuntha ameneyo,” ndipo ankasunthadi. Mneneri amene ulosi wake wakwaniritsidwa kangapo samvanso za munthu.

Mayi sanasiye kulipira ngakhale mwezi umodzi. Tsiku lina ndinawakhazika pansi kuti ndiwathandize nzeru.

“Mayi, mwini ndalama wanena yekha kuti musabweze. Inu mukukakamira chiyani?”

“Bambo, panopa palibe chiwongoladzanja. Dola iliyonse imene ndikupereka ikudula ngongole yeniyeniyo. Mwayi wotere udzabweranso liti?”

Ndinapukusa mutu, n'kuwauza kuti vuto lawo ndi losatsatira nkhani.

Ndalama zimene ndinkayenera kubweza mwezi ndi mwezi ndinaziyesa zokwezedwa pamalipiro. Ndinagula chowotchera nyama cha zivundikiro ziwiri, chamatayala, chokhala ndi kagalasi koonetsa kutentha. Malamulo oletsa kusonkhana atafewa, Loweruka la nyengo yotentha linkakhala la kanyenya kuseri kwa nyumba yathu, ine nditavala epuloni, mpeni kumanja, ndikufotokozera Amalawi anzanga mmene chuma cha America chimayendera. Pa gulu la WhatsApp la kumudzi, nkhani ya malata a tchalitchi isanathe n'komwe ndinali nditalonjeza kale. Dzina langa linasintha, ndinakhala “Bwana”. Kuthandiza abale sindidandaula nako. Manyazi anga ndi akuti ndinkapatsa ndalama za eni, m'manja n'kumaomberedwa ine.

Mu Ogasiti 2022 a Biden analengeza kuti akhululukira madola 10,000 kwa aliyense wolandira ndalama zosapitirira 125,000 pachaka, ndi 20,000 kwa amene anaphunzira ndi thandizo la Pell Grant. Fomu yake itatuluka pa intaneti mu Okutobala, ndinaidzaza tiyi asanazizire, ndipo ndinali mmodzi mwa anthu pafupifupi 26 miliyoni amene anachita zomwezo. Sabata yomweyo ndinatenga galimoto yangongole, podalira ndalama zimene ndinali ndisanakhululukiridwe. Mayi anaizungulira kamodzi, n'kunena kuti, “Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.” Ndinawayankha kuti miyambi ya ku Ntcheu sigwira ntchito ku Washington.

Inagwira. Pa 30 Juni 2023 khothi la Supreme Court linagamula kuti boma linalibe mphamvu yokhululukira ngongole mwanjira imeneyo. Oweruza 6 anavomereza chigamulocho, 3 anatsutsa. M'mwezi womwewo aphungu a Congress anali atakhazikitsa kale lamulo loletsa kuwonjezeranso mpumulo uja. Chiwongoladzanja chinayambanso pa 1 Seputembala, kulipira mu Okutobala.

Sindinganame kuti sanandichenjeze. Makalata ankabwera. Koma nthawi ya mpumulo ngongole za anthu ambiri zinasamutsidwira ku makampani ena otolera, yanganso chimodzimodzi, ndiye nditaona dzina lachilendo pa envelopu ndinati ndi otsatsa malonda. Ndinkawaponya mu dirowa ya kukhitchini, momwe timasungamo mabatire akutha ndi timapaketi ta tomato sosi. Ndinkadziuzanso kuti akafuna ndalama zawo adzidulira okha kubanki monga kale, osadziwa kuti amene tinalembetsa njira imeneyo mliri usanafike tinkayenera kuvomerezanso.

Boma linapereka chaka china chachifundo, mpaka pa 30 Seputembala 2024: wolephera kulipira sankamuneneza kwa osunga mbiri ya ngongole za anthu, koma chiwongoladzanja chinkawerengedwabe. Anthu amene ntchito inawathera anapumirapo. Ine, wantchito yanga yabwinobwino, ndinamva theka loyamba lokha la chiganizocho.

Dirowa ija inatsegulidwa ndi mayi, akufuna machesi. Usiku umenewo ana atagona anayala makalata onse patebulo motsatana masiku ake, magalasi pamphuno, cholembera kumanja. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Ankangowerenga nambala iliyonse mokweza, pang'onopang'ono, n'kumandifunsa mwaulemu kuti, “Katswiri, apa akutanthauza chiyani?” Kenako anandiwerengera zimene zimachitikira munthu amene wasiyiratu kubweza: boma likhoza kudula mpaka 15 peresenti ya malipiro ake popanda kupita kukhothi, n'kulandanso ndalama za msonkho zimene limabweza kumayambiriro kwa chaka. Ngakhale ukalengeze kukhothi kuti walephereratu kubweza ngongole zako, iyi kawirikawiri siichoka.

M'mawa mwake ndinaimba foni, mayi ali pambali panga. Ndinalembetsa kuti azidula okha kubanki, zimene zinatsitsa chiwongoladzanja ndi 0.25 peresenti, ndipo ndinathokoza mtsikana wa pafoniyo kwambiri moti anafunsa ngati ndili bwino. Chowotchera nyama chinagulidwa ndi mnzanga wina amene ankakonda kumvetsera maphunziro anga a zachuma, ndipo ananenerera mtengo mopanda chisoni. Khadi la kubanki pano limagona m'chikwama cha mayi.

Chovuta chatsala n'kufotokozera kumudzi. Amalume anaimba posachedwapa za feteleza, ndipo ndinawauza kuti chaka chino zandithina, ndikubweza ngongole ya sukulu. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, “Iwe, ndi imvi zimenezo wayambanso sukulu?”