Bowo Lili Pamimba, Maikolofoni Ikukatani Pakhosi?

Gitala yopanda magetsi ili ndi bowo lalikulu pamimba, ndipo ngakhale mwana angakuuzeni kuti mawu amatulukira pamenepo. Ndiye munthu akafuna kuijambula kunyumba, maikolofoni siyenera kuloza pabowopo? Mkulu wina wa m'situdiyo yemwe ndimakonda kumuvutitsa ndi mafunso anapukusa mutu. "Iyayi achimwene. Lozetsani pomwe khosi la gitala likukumana ndi thupi, chapa fret ya 12 kapena 14, ndipo italikire masentimita 20 kapena 30."

Ndinati, nanga pakhosi pali pakamwa? Anaseka, nandiuza kuti choyimba chenicheni ndi thabwa lakumaso kwa gitala, lomwe limanjenjemera nsambo zikakhudzidwa. M'bowo mumatuluka mpweya wa m'bokosi, ndipo mpweyawo uli ndi liwu lake limodzi lakuya, chapafupi ndi 100 Hz. Maikolofoni ikasuzumira m'menemo imakhuta liwu limenelo, nyimbo yonse n'kungoti buu buu. Chabwino. Koma ndiye bwanji palibe amandiuza malo enieni oti ndilembe ndi choko? Akuti gitala iliyonse ili ndi pake. Uvale mahedifoni, uzisuntha maikolofoni pang'onopang'ono wina akuyimba, pomwe pakukomera uyime.

Funso londisowetsa tulo ndi la chipinda. Gitala ili pamiyendo panga imamveka bwino, koma ndikamvetsera zomwe foni yajambula, imakhala ngati ikulirira mumgolo. Chipinda ndi chomwecho, zala ndi zomwezo. Wanama ndani, khutu kapena foni? Akuti onse akunena zoona. Mawu amagunda simenti, khoma ndi malata n'kubwerera, koma ubongo unazolowera kuwanyalanyaza obwererawo. Maikolofoni ilibe ubongo, imangotola zonse. Ukafuna kumva zomwe iyo imamva, uwombe m'manja kamodzi pakati pa chipinda: kukatsalira kaliwu kolira mokwiyitsa, vuto ndi limenelo.

Apa ndiye ndinadabwa, chifukwa mankhwala ake ndi matiresi oyimika kukhoma, bulangete lopachika kumbuyo kwa woyimba, kapeti pansi, ndi kabati ya zovala yosiyidwa yotsegula. Ndiye kuti pabalaza posesedwa bwino, pa matayilosi onyezimira, m'poipa kuposa kuchipinda kodzaza ndi katundu? Eya, akutero. Nanga mathireyi a mazira omwe anyamata amakhoma m'timasitudiyo tawo? Akuti ndi opyapyala kwambiri, mawu akuya amangowadutsa, ndipo phokoso la panja saliletsa n'komwe. Mazira onse aja anadyedwera chiyani?

Za manambala nazo. Ine ndimadziwa kuti chinthu chikamakwera chimachoka pa ziro. M'pulogalamu yojambulira ngati Audacity, yomwe ndi yaulere, ziro ali padenga, ndipo akuti pomenya nsambo mwamphamvu kwambiri mawu azifika pa -12 kapena -6 dB basi. Akagunda ziro nsonga zake zimadulidwa, amathetheka, ndipo palibe batani lowabwezera. Ochepa ungawakweze pambuyo pake. Foni nayo ili ndi nzeru zake zomwe sindinaipemphe: imakweza ndi kutsitsa mawu yokha poganiza kuti ndikulankhula, ndipo voice note ya pa WhatsApp imawafinya kuti asadye bandulo. Akuti ujambule WAV, utumize ngati document.

Kenaka amati udule zonse za pansi pa 80 Hz. Kudula mawu kuti mawu akome? Chifukwa chake akuti nsambo yaikulu ya E imalira pa 82 Hz, ndiye zapansi pake si gitala, ndi phazi logunda pansi, lole yodutsa pamsewu ndi kung'ung'udza kwa magetsi, komwe kwathu kuno kumakhala pa 50 Hz. Firiji akuti uzimitse. Ndinafunsa ngati magetsi akazima ndiye nthawi yabwino yojambula ndi foni. Anaganiza kaye, nati inde, bola aneba alibe jenereta.

Ndikafunsa kuti ndigule chiyani, amayamba ndi nsambo zatsopano, poti zakale thukuta ndi litsiro zinazipha kale mawu. Maikolofoni ya condenser, yofuna mphamvu ya mavoti 48, amaitchula kumapeto, n'kuchenjeza kuti imamva kwambiri, mpaka tambala wa tsidya lina. Nanga zida zodula zija ntchito yake n'chiyani? Bruce Springsteen anajambula chimbale cha Nebraska mu 1982 kunyumba kwake ku Colts Neck, New Jersey, pa kaseti, ndi kamakina ka Tascam ka matiraki anayi. Nyimbozo anakaziyesanso m'situdiyo yaikulu ndi gulu lake la E Street Band, koma chomwe chinatuluka pamsika ndi cha pakaseti chija. Munthu wa ndalama zake, anasowanji m'situdiyo chomwe chinali kuchipinda?

Funso lomwe latsala ndi la kutswiita kwa zala zikamatsetsereka pansambo. Anzanga amakhala pakompyuta mpaka usiku kufufuta timawu timeneti kamodzikamodzi. Koma opanga mapulogalamu a gitala ya m'kompyuta amajambula dala kutswiita komweko n'kukuyika m'mapulogalamu awo, kuti womvera aziyesa pali zala zenizeni. Ndiye ine amene zala ndili nazo kale, ndifufute kapena ndisiye?