Atsibweni, Ntchito Sinandithere

Okondedwa Atsibweni,

Ndalonjera nonse kwa Dzoole kumeneko, inu, amayi, agogo ndi ana onse. Ine kuno ku Joni ndili gwa, kungoti chisanu cha mwezi wa Juni chandigwira m'mawondo.

Mphekesera yoti ntchito yandithera ndi yabodza. Amene anaibweretsa ndikumudziwa, ndi uja anatsika basi pa Mponela atavala majekete awiri dzuwa likuswa mtengo. Zoona zake n'zakuti ndasintha ntchito, koma kampani ndi yomweyo. Mukukumbuka kuti nditasiya za m'gadeni ku Randburg ndinalowa pa kampani yotumiza ndalama kumayiko, komwe ndinkayankha mafoni a Amalawi odandaula. Tsopano ndili m'gulu lokonza maonekedwe ndi kayendedwe ka pulogalamu ya pafoni imene anthu amatumizira ndalamazo. Pa kalata ya ntchito analemba kuti product designer. Muwauze achemwali kuti mafoni sindipanga, asiye kundipempha ya ulere.

Ndikudziwa mufunsa kuti nanga chimene umapangacho n'chiyani, poti munthu wogwira ntchito amaonetsa chimene wagwira. Inu mukamasema mpini simuyamba mwagwira kasemasema. Mumayamba mwayang'ana mwini khasu, msinkhu wake ndi dzanja lake, chifukwa mpini wa agogo si wa mnyamata wa ganyu. Yanga ndi yomweyo, kungoti mpini wanga uli pagalasi la foni. Ndimaganiza kuti batani likhale pati, lilembedwe mawu anji, ndipo munthu akalakwitsa nambala abwerere bwanji ndalama zisanapite kwa mlendo wa ku Karonga. Ndimajambula zonsezi pa kompyuta ndi pulogalamu yotchedwa Figma, kenako anzanga olemba code amazisandutsa zenizeni, akamaliza kundiuza kuti n'zosatheka.

Mmene ndinalowera n'zoseketsa. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mafoni athu sanapume. Aliyense funso limodzi: randi yanga ikafika kumudzi ikhala zingati? Yankho linalimo m'pulogalamu, koma linabisala kumapeto, munthu atadina kale mabatani ambirimbiri. Pakhosi patauma, ndinatenga pepala n'kujambula foni yoonetsa makwachawo poyambirira penipeni, ndi zilembo zikuluzikulu. Mayi wina wamkulu wa gulu lija analiona pepalalo n'kundifunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndinati ndinaphunzira kwa anthu ondikalipira.

Komabe sukulu inafunika. Ndinalembetsa maphunziro a pa intaneti a Google a ntchito imeneyi, amene anayamba mu 2021 pa Coursera. Ndinkawerenga usiku, magetsi akalola, poti kunonso ankazima, kungoti ankakuuziranitu nthawi yake mwaulemu. Pondiyesa sanafunse za satifiketi ya MSCE imene munaigulitsira mbuzi ija. Anafuna kuona zimene ndajambulapo ndi chifukwa chake. Musadandaule, mbuziyo sinafere chabe, Chingerezi chokanganira pamsonkhano chinachokera kumeneko.

Misonkhano ndiye ilipo! M'mawa uliwonse timakumana chiimirire, ati kuti nkhani zifupike. Khoma lonse ladzaza timapepala tomata ta chikasu ndi tofiira, ndipo anthu a ndevu zawo amatha tsiku akusuntha kapepala kuchoka kumanzere kupita kumanja. Kakafika kumanja timaomba m'manja.

Chovuta kwambiri pa ntchitoyi ndi kukhala chete. Timaitana munthu wamba, mwina mayi wogwira ntchito za m'nyumba ku Sandton kapena mnyamata wothira mafuta pa galaja, n'kumupatsa foni kuti atumize ndalama ife tikuonerera. Lamulo n'lakuti osamuthandiza. Atsibweni, mwana wobadwira kwa Dzoole, komwe munthu akamamanga chigafa odutsa onse amaima n'kupereka nzeru, aone mnzake akudina polakwika iye n'kungoti duu! Ndimakhalira manja anga. Koma munthuyo akasochera sitinena kuti ndi mbuli. Wolakwa ndi amene anajambula, ndipo timabwerera kukakonza. Izi ndikanakonda akanazimva ena ogwira ntchito m'maofesi kwathuko.

Anzangawa ndi ophunzira kwambiri, koma ambiri sanaonepo munthu atakwera pachulu kusaka netiweki. Amajambula ali ndi iPhone m'manja ndi intaneti ya mu ofesi yosaduka. Ine ndinapita ku tauni n'kukagula ka itel kamabatani, n'kukaika patebulo. Ndinati wolandira ndalama ndi uyu. Foni yake amatchajitsa pa golosale. Magalasi owerengera alibe. Uthenga amamuwerengera mdzukulu, ndiye nambala yachinsinsi ija imadziwika ndi banja lonse pamodzi ndi oyandikana nawo. Akamadina *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba amawerenga mzere uliwonse mofatsa, ndipo pulogalamu ikakhala yopupuluma imamutsekera asanamalize. Akafika kwa ejenti atapalasa njinga mtunda wonsewo, amamva kuti float yatha, abwerenso mawa. Onse anangoti kukamwa yasa, n'kuyamba kulemba. Zimene ife timangoti ndi mmene zimakhalira, kuno akuzitcha kafukufuku, ndipo akundilipira.

Pakhoma paja tinamatapo chithunzi chojambula pamanja cha gogo wongopeka, woimira makasitomala athu akumudzi. Dzina ndinamupatsa lina, koma duku ndi mkwiyo ndi za agogo athu. Mkangano ukabuka wina amaloza chithunzicho n'kufunsa ngati gogoyu angamve. Moti agogo akulamula msonkhano ku Johannesburg iwo ali phee pakhonde akusenda mtedza.

Amayi anandikumbutsa pafoni kuti malemu agogo aamuna atapita ku migodi pa Wenela, Kamuzu asanaletse ulendowu mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown, anabwera ndi njinga, wailesi ndi chijasi chimene chinafunda mibadwo iwiri. Anafunsa kuti iwe ubwera ndi chiyani. Laputopu imene ndimanyamula ndi ya kampani, ndipo ndikachoka idzatsala. Malipiro akwera pang'ono, inde, koma ndine wamng'ono m'gululi, ndipo lendi ya kuno simva Chichewa. Ya feteleza nditumiza mwezi wa Okutobala monga mwa nthawi zonse. Za galimoto zimene mukuuza anthu ku tchalitchi zija muyambe mwaziimitsa. Mapepala anga ali bwinobwino, zoti angandigwire n'kukanditsekera ku Lindela amayi asamasowe nazo tulo.

Tsono ndili ndi pempho. Loweruka likubwerali mupite ndi agogo pachulu cha kuseri kwa sukulu chija, mubwereke foni ya aphunzitsi ya WhatsApp. Ndikufuna ayese zimene ndajambula ine ndikuonerera pa vidiyo. Ya sopo ndiwatumizira, kampani imalipira oyesa. Koma inuyo, atsibweni, musawathandize, musawalozere, musatsokomole. Ndikukudziwani. Mukaona kuti simupirira, mupatse foniyo mwana agwire, inu mukaone fodya ku chigafa.

Ine mwana wa mlongo wanu,
ku Joni