Mmene mungatayire ndalama yanu ya msonkho ku America osatuluka thukuta

Ngati muli ku America ndipo mukufuna kuti ndalama ya msonkho imene boma limabweza isakufikeni, musavutike kufunafuna akuba. Boma lili ndi njira yakeyake, dzina lake Treasury Offset Program.

Yambani ndi kutenga ngongole ya boma yolipirira sukulu ya ukachenjede. Mukatero khalani masiku 270 osabweza kanthu. Basi, mwalowa m'kaundula wa olephera kubweza. Simudzasungulumwamo. Pa 5 May 2025, unduna wa zamaphunziro utayambiranso kugwira ndalamazi pambuyo popumira kuyambira nthawi ya Covid mu March 2020, anzanu oposa 5 miliyoni anali atakhazikikamo kale.

Kalata yochenjeza imatumizidwa kutatsala masiku 65. Musaitsegule. Ngati n'kotheka samukani mwakachetechete, ikawerengedwe ndi makoswe kunyumba yakale.

Kenako lembani mafomu a msonkho mosamala, ndalamayo muigawiretu isanafike: matayala a galimoto, nsapato za ana, lendi ya miyezi iwiri. Mwininyumba mumuuze molimba mtima kuti adikire April. Pokoma penipeni ndi apa: Earned Income Tax Credit, thandizo limene boma lomwelo linakonzera mabanja ogwira ntchito koma olandira zochepa, nalonso limagwidwa. Zili ngati mfumu yogawa chimanga pabwalo, nduna yake ili kuseri kwa nkhokwe ndi thumba. Ndiye kuti mukakhala wolandira zochepa, ana ali mbwee, mpamenenso ndalama yogwidwa imanona. Amene anakonza zimenezi sanagone.

Muli pabanja? Lembani fomu imodzi ndi anzanuwo kuti gawo lawo lipitire limodzi, poti banja ndi kugawana. Za Form 8379, imene wosakongolayo angawombolere nayo gawo lake, musawauze, angakusokonezereni dongosolo.

Musade nkhawa kuti ngongoleyi ikalamba n'kuiwalika. Chiyambire 1991 ilibe malire a zaka. Lamulo limalolanso boma kudula mpaka 15 peresenti ya malipiro anu osapita kukhoti, ndipo mukapuma pantchito lingathe kutapako pa penshoni yanu ya boma ya Social Security.

Kwa inu amakani, ofuna ndalama yanu izikufikani, njira ilipo koma njotopetsa: kupangana ndi undunawo n'kulipira ka 9 m'miyezi 10, dzina lanu lichoke m'kaundula muja. Ya pamwezi amawerengera zimene mumapeza, ndipo kwa ena yakhala ikutsika mpaka madola 5.