Wamva m'Mimba ndi Chitseko cha Manambala

Kuyambira masiku aja tinkagona m'gowelo la chitseko cha bango, sindidakayikepo mawu a makolo akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kufikira mwezi wathawu pamene mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira ntchito yotsuka ndi kusamala mano ku America, adandiimbira lamya ali wolefuka, nandiuza kuti aphunzitsi awo aika pambali tizitsulo topalira mano, ndipo akuwaloweza manambala monga momwe ife tinkalowezera katekisimu.

Kumeneko ntchito iliyonse imene dzanja lichita m'kamwa mwa munthu ili ndi nambala yake yoyamba ndi chilembo cha D, m'buku lotchedwa CDT limene a American Dental Association amalikonzanso chaka ndi chaka. Ndipo kampani ya inshuwalansi, imene sidamuonepo wodwalayo kapena kumva kubuula kwake pakati pa usiku, situlutsa khobidi kufikira nambalayo italembedwa molondola. Kutsuka mano a munthu wamkulu ndi D1110, a mwana ndi D1120. Kupala mizu ya mano anayi kapena oposerapo m'chigawo chimodzi mwa zigawo zinayi za m'kamwa ndi D4341, koma akakhala atatu kapena ocheperapo, ndi D4342.

Pamenepo ndidakumbukira malemu agogo, amene kunsagwada yakumanzere kudangowatsalira mano atatu otalikirana ngati zitsa za m'munda watsopano; ndipo ndidaona kuti, akadakhala a ku America, dzino lachinayi lija adalisiya m'fupa la mbuzi paukwati wina likadawasamutsa kuchoka m'ndime ina ya bukulo kunka m'ndime inzake, eni ake ali chigwirire tsaya osadziwa kanthu. Indetu wamva dzino amafika pakhomo ndithu, koma mfungulo ili ndi mtsikana wokhala pakompyuta, amene akaphonya nambala imodzi, pempho libwezedwa, ngongole nigwera wodwalayo.

Kuseka kwanga kudathera pamene mwanayo adanena chimene aphunzitsi amabwereza koposa zonse: kuti kulemba nambala ya mano anayi iwe utapala atatu, pofuna kuti ndalama zichuluke, ndi kuba kumene, ngakhale wakubayo atavala malaya oyera.

Ndidati kwa iye: Mwanawe, loweza manambalawo ndipo uziwerenga manowo mwachilungamo, pakuti wodwala wako wamva m'mimba ndithu, koma chitseko cha masiku ano sachiona, ndipo ndi pakamwa poyasama sangathe ngakhale kukufunsa chimene walemba.