Zala Zanga ndi Nkhutukumve

Kuntchito amanditcha katswiri wa kompyuta, chifukwa ndimavala magalasi komanso ndimadziwa poyatsira printer. Sadziwa kuti pa keyboard ine ndilibe mawu. Zimalamula ndi zala, ndipo zalazo zinaphunzira sukulu imodzi yokha, ya Microsoft Word.

Mu Word ukadina Ctrl+S wasunga ntchito. Mu Emacs, pulogalamu ina yolembera, mabatani omwewo ndi ofufuzira mawu. Pa terminal ya Linux amaumitsa screen kuti gwa, mpaka udine Ctrl+Q. Katswirine pamenepo ndimayamba kumenya kompyuta m'mbali, kenako n'kunamizira magetsi. Ctrl+C, amene ndimakopera naye mawu tsiku ndi tsiku, pa terminal amapha pulogalamu imene ikuyenda. Mu pulogalamu yolembera ya nano, Ctrl+O amasunga pomwe Ctrl+X amakutulutsa kunja, iwe umafuna kungodula chiganizo.

Za pulogalamu yolembera ya Vim musandifunse. Kulowa ndi kwaulere, koma kutuluka mpaka udine Esc, ulembe :wq. Zala zanga zitaloweza zimenezi zinayamba matama. Tsopano kalata iliyonse yopita kwa abwana imathera ndi :wq pansi pa dzina langa. Iwo anandiitana n'kundifunsa ngati imeneyi ndi digiri yatsopano. Ndinavomera, poganizira nkhani ya malipiro.

Chisokonezochi ndi cha makolo. Bill Joy analemba vi, kholo la Vim, mu 1976, ndipo Emacs inabadwanso chaka chomwecho. Z, X, C ndi V amene tinawazolowerawa anatchuka pambuyo pake ndi Macintosh ya Apple mu 1984. Akuluakulu aja sakanasiya mwambo wawo chifukwa cha mwana wadzana. IBM inayesa kuweruza mlanduwu mu 1987 potulutsa malamulo otchedwa CUA, koma kwa iyo kumata kunali Shift+Insert. Mudzi unali kale ndi mafumu atatu, wobwera kudzayanjanitsa uja naye anadzilonga ufumu.

Mwayi wake, mapulogalamuwa amamva kuposa zala zanga. Emacs ili ndi cua-mode, imene imabweretsa Ctrl+C ndi Ctrl+V. VS Code ndi IntelliJ zimalola kusankha keymap (dongosolo la mabatani), ngakhale ya Vim kapena ya Emacs.

Ndiye inu anzanga a zala zaliuma, sankhani keymap imodzi, muiike paliponse pamene mumalembera. Kusintha settings n'kosavuta kuposa kubweza zala za munthu wamkulu ku Sitandade 1.