Dinani Batani, Muyang'ane Wotchi

Ku Joni geti lililonse lili ndi chikwangwani choopseza kuti ukangokhudza mpanda, anyamata amfuti atulukira. Vuto n'lakuti chikwangwani sichithamanga.

Mlamu wanga amasamalira maluwa ku Randburg. Tsiku lina bwana anamuuza kuti adine batani loitanira alonda, aone ngati ndalama zimene amalipira mwezi ndi mwezi zikugwira ntchito. Anadina. Kenako anatereka madzi, n'kumwa tiyi ndi buledi, n'kutsuka kapu. M'pamene galimoto inafika ndi siren, mlonda n'kudumpha mfuti ili m'manja.

"Zili kuti mbavazo?"

"Zatopa n'kukudikirani, achimwene. Zati muzipeze mawa."

Mayi wina wa lendi ku Rosettenville anamva kuti lamulo la 2001 limafuna kuti kampani iliyonse ya chitetezo ku South Africa, ngakhalenso mlonda aliyense payekha, alembetse ku bungwe la PSIRA. Atabwera mnyamata wa tayi kudzatsatsa alamu, mayiwo anamufunsa kuti, "Nanga za PSIRA zili bwanji?"

Mnyamata anapukusa mutu mwachisoni. "Aaa, a Psira? Anasiya ntchito chaka chatha. Koma anali munthu wabwino."

Anamuperekeza mpaka pageti, galu akuthandizira.

Chimene anthu amaiwala kufunsa ndi kumene alamu imakalirira. Yolira panyumba pokha imangodzutsa aneba, ndipo aneba a ku Joni satuluka, amangokoka bulangeti. Uthenga uyenera kukafika kuchipinda kumene munthu ali maso usana ndi usiku, chokhala ndi mabatire ndi jenereta poti magetsi amazima. Bungwe la SAIDSA limayendera zipinda zotere za mamembala ake. Bambo wina anaumirira kukaona cha kampani yake, ndipo anapeza kuti ndi foni ya malume a mwini kampani. Malumewo, munthu wopemphera, amaizimitsa akalowa m'tchalitchi, ndipo kwawo mapemphero ndi a usiku wonse.

Ku England n'kovuta mwina. Apolisi amabwera ngati alamu inaikidwa ndi kampani yovomerezedwa ndi bungwe la NSI kapena la SSAIB, koma ikawaitana katatu popanda wakuba m'miyezi 12, amasiya kubwera. Mphaka wa achemwali ku Leeds wawaitana kale kawiri. Pano amagona m'bafa, chitseko chokhoma, ndipo kiyi amasunga alamu anga, amene m'mbuyomu ankati mphakayo ndi mwana wam'nyumba.