Ine, katswiri wokweza resitihausi pa Google

M'banja mwathu aliyense ali ndi udindo wake. Alipo amene timawathamangira pakagwa maliro chifukwa amadziwa kunenerera mtengo wa bokosi, alipo amene sasowa pa zinkhoswe chifukwa pakamwa pawo mpotsetsereka. Ine ndimaitanidwa pa chilichonse chokhala ndi batani. Udindowu unandigwera chifukwa ndili ndi laputopu, ngakhale kuti imayaka pokhapokha ili pamagetsi ndipo chivundikiro chake chimaima ndi mphamvu ya chitini cha shuga.

Ndiye alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, atamanga resitihausi pa boma la Salima, mnyamata wina anawapangira webusaiti, n'kulandira ndalama, n'kuisiya ilibe mawu. Foni inalira kwa ine.

"Alamu, ndikufuna munthu akalemba pa Google kuti malo ogona ku Salima, ine ndizituluka nambala wani."

"Zochepa zimenezo, alamu," ndinayankha. Mkamwini sanena kuti sindidziwa pamaso pa mwini mbumba.

Usiku womwewo ndinagula bandulo n'kuyamba sukulu. Ndinamva kuti Google inayambitsidwa mu 1998 ndi Larry Page ndi Sergey Brin, anyamata a pa yunivesite ya Stanford ku America. Ali ndi pulogalamu imene imayendera masamba a pa intaneti usana ndi usiku, kuwawerenga n'kuwalemba m'kaundula. Munthu akafunsa kanthu, makina amafufuza m'kaundulamo n'kusankha loti likhale pamwamba. Nzeru imene inawalemeretsa anyamatawo inali yowerenga malinki, kuona kuti ndi mawebusaiti angati, komanso otani, amene akulozera anthu kwa iwe. Zili ngati mlandu wa pabwalo la amfumu: amayang'ana amene akukuikira umboni, ndipo mboni imodzi yolemekezeka imaposa zidakwa khumi zochokera ku kachasu.

Mboni ndinali nazo. Ndinatumiza linki ku gulu la WhatsApp la kwaya, la banki m'khonde ndi la makolo a kusukulu. A kwaya anayankha mwaunyinji kuti "Amen", a banki m'khonde anandikumbutsa za ngongole. Patapita nthawi mpamene wina anandinong'oneza kuti makina aja sawerenga mauthenga a anthu pa WhatsApp. Umboni wonse uja unaperekedwa bwalo litabalalika.

Sindinafooke. Ndinali nditawerenganso kuti mawu amene anthu amalemba posaka ayenera kupezeka m'nkhani yako. Ine ndine munthu wosakonda kupimira, choncho ndinalemba motere: "Takulandirani ku malo ogona otchipa ku Salima. Ngati mukufuna malo ogona otchipa ku Salima, malo athu ogona otchipa ku Salima ndiwo malo ogona otchipa ku Salima amene anthu ofuna malo ogona otchipa ku Salima amagonamo."

Ndinawawerengera mayi a kunyumba mokweza, ndi mawu a pa wailesi. Anasiya kusadzula masamba, anabwera n'kundigwira pachipumi.

"Abambo, mawa m'mawa mukayezetse malungo."

Akazi samvetsa za sayansi. Kuti ndisawasokonezenso, mawu otsalawo ndinawalemba ndi zilembo zoyera pa tsamba loyera, kuti munthu asawaone koma makina awawerenge. Ndinagona ndikudzitcha Page wachiwiri. Kenako ndinapeza kuti chinyengo chimenechi n'chakale kuposa laputopu yanga, ndipo chili pa mndandanda wa zimene Google imaletsa. Mu 2006 webusaiti ya BMW ya ku Germany inachotsedwa m'kaundula kwa masiku angapo chifukwa inali ndi masamba odzaza mawu okopa makina pamene anthu ankaonetsedwa zina. Mu 2011 sitolo yaikulu ya ku America ya J.C. Penney inatsitsidwa pansi atatulukira kuti malinki ambiri olozera kwa iyo anali ogula. Kunena zoona nkhanizi zinandilimbitsa mtima. Si aliyense m'dera lathu amene anaganizapo mofanana ndi BMW.

Chaka chomwecho cha 2011 Google inatulutsa ndondomeko yotchedwa Panda, yogwetsa masamba opanda phindu ndi okopera kwa ena, ndipo mu 2012 inabweretsa Penguin, yosaka anthu a malinki achinyengo. Nyama zoti ngakhale ku Liwonde simungazipeze, koma zinali zitandidikirira kwa zaka zoposa khumi.

Pa zokoperazo ndiyenera kudziteteza pang'ono. Chingerezi cha pa tsambalo ndinachibwereka ku webusaiti ya hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, chifukwa chinali chokoma ndipo eni ake sankachigwiritsa ntchito chonse nthawi imodzi. Ndinangosintha dzina. Kuti m'katimo munali dziwe losambiramo, mchenga woyera ndi dzuwa lotuluka pamadzi, zimenezo ndi za amene analemba poyamba. Makina akaona masamba awiri ofanana amasonyeza limodzi lokha, ndipo sanasankhe lathu. Resitihausi ya alamu inakakhala kumasamba akumbuyo kwenikweni, kumene ngakhale mfiti sizifikako. Ine ndekha ndinkaipeza, ndikalemba dzina lake lonse pamodzi ndi la alamu.

Koma mlendo mmodzi anabwera ndithu. Anali mbale wake wa mayi wina wa kwaya, wochokera ku Johannesburg, ndi ana awiri atavala kale zosambira. Anafunsa dziwe. Mlonda anawaonetsa mgolo wa madzi kuseri kwa khitchini. Anafunsa nyanja. Mlonda anawalozera msewu wa ku Senga Bay n'kuwaitanira kabaza. Zimene alamu anandiuza pa foni madzulo ake nyuzipepala singasindikize, poti imawerengedwanso ndi ana.

Loweruka lake ndinapita ku Salima kukafotokoza kuti vuto ndi netiweki. Ndinapeza mtsikana wa alamu, wa Fomu 3, atakhala pakhonde ndi foni ya bambo ake. Anawerenga ntchito yanga yonse osaseka, chifukwa ndi mwana woleredwa bwino.

"Ankolo, inuyo mukatsika basi usiku pamalo achilendo, mumafuna kudziwa chiyani?"

"Mtengo wa chipinda," ndinatero, "ndiponso ngati muli nsikidzi."

"Nanga mwalemba pati?"

Ndinamuuza kuti funso limenelo n'lakuya, lofunika nthawi. Iye anafufuta zonse. Pamutu pa tsamba analemba dzina la resitihausi ndi mawu oti Salima, kamodzi kokha. Pansi pake anaika mtengo wa chipinda, kuti pali bafa la madzi otentha, masikito neti, mpanda woimikamo galimoto, nyale za sola magetsi akathima, mphindi zoyenda pansi kuchokera ku depoti, ndi nambala ya foni yoti munthu angoigunda. Analembanso poyera kuti nyanja ili kutali, koma pakhomo pali akabaza odalirika. Zonsezo m'Chichewa ndi m'Chingerezi cha pasukulu, chopanda maluwa.

Chithunzi chachikulu cha alamu atavala suti, chimene chinkadya theka la bandulo chisanafike pa tayi, anachichotsa n'kuika zithunzi zopepuka za zipinda. Anati Google imayang'ana kuthamanga kwa tsamba, ndipo masiku ano imaweruza webusaiti potengera mmene imaonekera pa foni. Ndinakafufuza kuti ndimutsutse, koma ndinapeza kuti za kuthamangazo analengeza kale mu 2010. Ndinapezanso kuti mu 2022 ananena mosabisa kuti akufuna nkhani zolembedwera anthu, osati makina. Ine ndinathera mabandulo kuphunzira chilankhulo cha makina, makinawo ali kalikiliki kuphunzira cha anthu. Tinasemphana panjira.

Analembetsanso malowo pa Google Maps n'kuuza mlonda kuti azipempha alendo okhutira kusiyapo ndemanga. Apa ndinaona mpata wothandiza. Ndinapereka nyenyezi zisanu n'kulemba kuti sindinaonepo malo abwino chotere chibadwire, ndipo mwiniwake ndi munthu wolemekezeka amene analera bwino mlongo wake. Mtsikanayo anandiuza mwaulemu kuti ndichotse.

Pano resitihausi ija imatuluka pa tsamba loyamba. Si nambala wani, koma foni ya alamu ikulira ndipo ayambanso kundipatsa moni. Pa Khirisimasi anauza banja lonse kuti mwana wawo ndi wanzeru. Ine ndinangomwetulira, podziwa kuti ntchito yaikulu inali yoyang'anira, ndipo mpando umene mwanayo anakhalira ndinamutengera ndine.

Choncho inu nonse a masitolo, magalaja, masaluni ndi malo ogona amene mukufuna kukwera pa Google, ndipezeni, mitengo yanga ndi yachibale. Koma muzibwera nthawi ya holide, sukulu zikatsekera.